Chithunzi cha pa Mbame ndinachipeza m'katoni ku Joni

Ntchito yanga kuno ku Joni ndi yoika zithunzi m'mafelemu. Ndinalowa m'shopu imeneyi ngati wosesa ndi wonyamula magalasi, koma pano papita zaka 11, ndipo ndine amene ndimadula matabwa a felemu, kudula galasi, ndi kukonza chikatoni choyera chija chimazungulira chithunzi kuti pepala lisagunde galasi. Zala zangazi zagwira mapepala amitundumitundu: masatifiketi a sukulu, zithunzi za ukwati, mpaka zojambula zodula kuposa nyumba imene ndikumanga kumudzi ku Chiradzulu. Pepala limene ndikufuna kukamba lero linabwera m'katoni ya maapozi, mwini wake akufuna ndalama.

Munali mu Ogasiti 2020. Dziko lino linatsekedwa pa 27 Malichi chifukwa cha Covid-19, ndipo shopu yathu inakhala yotseka masabata angapo, ife tikulandira theka la malipiro. Titatsegulanso tinaona kuti makasitomala asintha. Kale munthu ankalowa ndi chithunzi m'manja n'kufunsa mtengo wa felemu. Tsopano ankalowa ndi chithunzi chili kale m'felemu, n'kufunsa motsitsa mawu ngati abwana angachigule. Chaka chimenecho chuma cha South Africa chinatsika ndi pafupifupi 6 peresenti, ndipo pofika kumapeto kwa 2021, mwa anthu 100 alionse ofuna ntchito, oposa 35 analibe. Manambala amenewa ife tinkawaona akulowa pakhomo la shopu atanyamula katundu.

Tsiku limenelo analowa gogo wina wachizungu. Amuna awo anali atamwalira, mwana wawo ntchito itamuthera, nyumba akuigulitsa kuti akakhale m'kachipinda kakang'ono. M'katonimo munali mapepala amene malemuwo anasonkhanitsa moyo wawo wonse: zithunzi za mbalame, za maluwa, za zombo, mapu. Abwana anga anaunguzaunguza n'kupepesa kuti alibe ndalama, pakuti nawonso lendi inali itawakhala pakhosi. Gogoyo anakhala pampando kuti apume kaye. Ine ndinati ndiwanyamulire katoniyo kugalimoto, ndipo ndikuwerama, diso langa linagwa pa mawu amene anali pansi pa pepala lina. Panalembedwa Mbame. Chapafupi panalembedwanso Tette, ndi ma t awiri, monga ankalembera azungu akale.

Ndinalikoka pang'onopang'ono. Chinali chithunzi chakuda pa pepala lotuwa. Mzere wautali wa anthu akuyenda m'thengo. Amuna ali m'magoli, mtengo wa mphanda utawapana pakhosi. Akazi ndi ana atamangidwa zingwe, katundu pamutu. M'mbali mwawo mukuyenda anthu a mfuti. Ndinaima nacho nthawi yaitali moti gogoyo anandifunsa ngati ndikuwadziwa malowo. Ndinati, "Madamu, kumeneku ndi kwathu. Kuchoka pamenepa kukafika kumudzi kwa mayi anga ndi ulendo wa tsiku limodzi pa njinga."

Ananena mtengo, R300. M'thumba ndinali ndi R500 imene ndinakonza zotumiza kumudzi Loweruka lake. Ndinalipira.

Nkhani ya chithunzichi ndinaiphunzira kusukulu koma ndinali ndisanaionepo ndi maso. Mu Julaye 1861, David Livingstone ankakwera mapiri kuchokera ku Shire limodzi ndi Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya mpingo wa Anglican yotchedwa UMCA, kufunafuna malo omangapo mishoni. Atapuma pamudzi wa Mbame, panatulukira gulu la akapolo amene ankawatengera ku Tete. Owalonderawo anathawa, ndipo anthu 84 anamasulidwa, ambiri mwa iwo akazi ndi ana. Ndi anthu amenewa amene anakayamba nawo mishoni ya ku Magomero, kumene kuli kufupi ndi kwathu. Mackenzie sanakhalitse, anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862. Chithunzicho chinatuluka mu 1865 m'buku la Livingstone ndi mng'ono wake Charles lonena za ulendo wa ku Zambezi, losindikizidwa ku London ndi John Murray. Tsamba limene ndinagulalo linachotsedwa m'buku limeneli.

Chimene chinandigwira kwambiri ndi dzina la Tete lija. Mmalawi aliyense amene anabwera ku Joni pa basi amaidziwa njira: Mwanza, Zobue, kuwoloka mlatho wa Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka kudzatsika mumzinda miyendo itatupa. Sindikunena kuti ife ndi akapolo, ayi, kutero kungakhale kunyoza anthu a m'magoli aja. Ife tinakwera tokha, tikiti tinagula tokha. Koma njira yotuluka m'dziko lathu kulowera kumwera ndi yakale, ndipo yadya mapazi ambiri. Agogo anga aamuna anabwera kuno pa Wenela kudzagwira m'migodi, zisanaletsedwe ndi Kamuzu mu 1974 ndege yonyamula amigodi itagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70. Anabwerera kumudzi ndi bokosi lachitsulo, njinga ndi chifuwa. Chithunzi chawo ali kumgodi palibe ndi chimodzi chomwe. Zimene zinajambulidwa za ife, nthawi zambiri zinajambulidwa ndi ena, n'kusungidwa ndi ena, m'nyumba zimene ife timalowamo kudzera kukhomo lakuseri kukasesa kapena kuthirira maluwa.

Chuma chikavuta, nyumba zimenezi zimakhuthuka. Anthu akusamukira ku Australia, ku England kapena ku Cape Town, ndipo sangatenge zonse. Makolo akamwalira, ana safuna mipando yakuda yolemera ndi zithunzi zotuwa za agogo awo. Ena ngongole ya nyumba yawapana. Katundu amachuluka pamsika, ogula ali ochepa, mtengo n'kugwa. Koma sugwa mofanana. Zojambula za Irma Stern kapena za Pierneef, ojambula otchuka a ku South Africa, zimapitabe pa mamiliyoni ku okushoni za makampani ngati Strauss & Co ngakhale chaka choipa, chifukwa amene amagula zimenezo njala siwafika. Zimene zimagwa ndi zapansi: masamba a m'mabuku akale, mapu ang'onoang'ono, masamba a nyuzipepala ya Illustrated London News imene inayamba mu 1842. Izi zimaunjikidwa m'makatoni ngati kaunjika wa ku Limbe, ndipo munthu umagwada n'kumasankha. Ndazipezapo m'mashopu a zinthu zakale ku Parkhurst ndi ku Melville, m'sitolo yaikulu ya mabuku akale ya mu Commissioner Street, ndi m'misika ya Lamlungu.

Mnzanga wina wa ku Mangochi, amene amachita geni yotumiza katundu kumudzi, atachiona chithunzicho anafunsa funso limene aliyense amafunsa: "Achimwene, ndiye mudzachigulitsa zingati?" Pa intaneti palinso ambiri amene amalalikira kuti nthawi ya mavuto ndiyo yogula zojambula chifukwa mawa zidzakwera. Ine ndagwira ntchito imeneyi zaka zambiri ndipo ndikukuuzani mosabisa kuti kwa munthu wa thumba ngati langa mawu amenewo ndi osocheretsa. Ukagula ku okushoni, pamwamba pa mtengo umene wapambana nawo amaonjezerapo gawo la kampani, ndipo pa gawolo pamabweranso msonkho wa VAT, umene unafika 15 peresenti mu 2018. Tsiku logulitsa amakudulanso gawo lina. Wamushopu akamagula kwa iwe amakupatsa theka la mtengo umene iye adzaike, mwinanso osakwana, chifukwa pepalalo likhoza kumukhalira zaka ziwiri. Felemu yabwino yokha imadula kuposa chithunzi. Komanso masamba a m'mabukuwa anasindikizidwa ambirimbiri, si chinthu chosowa ngati mmene wogulitsa amakuuzira. Amene akufuna phindu agule mbuzi kapena malata.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito yosankha mapepala akale ndi yotero. Chida changa chachikulu ndi kagalasi kokuzira zinthu, kamene ndimayenda nako m'thumba la malaya. Ukaika kagalasiko pa chithunzi chosindikizidwa ndi makina amakono, umaona timadontho tating'onoting'ono ta buluu, tofiira, tachikasu ndi takuda titandandalikana ngati maluwa a pa chitenje. Ukaona zimenezo, dziwa kuti pepalalo ndi la dzulodzulo, ngakhale atalinyika mu tiyi kuti lioneke lokalamba. Chithunzi chakale chosemedwa nthawi zambiri chimakhala mizere yokhayokha. Mdima wa pansi pa mtengo ndi mizere yothinana, thambo ndi mizere yotalikirana, nkhope ya mwana ndi timizere tochepa kwambiri moti ukhoza kutiwerenga. Ngati chinasemedwa pa mkuwa kapena pa chitsulo, m'mphepete mwake mumakhala kamzera kolowa m'kati, pamene chitsulocho chinadinda pepala lonyowa, ndipo ukayendetsa chala mopepuka umamva inki itatukuka pang'ono. Ngati chinasemedwa pa thabwa, monga cha pa Mbame, kamzera kameneko sikakhalapo. Tsamba la nyuzipepala umalidziwa potembenuza, kuseri kumakhala nkhani zina zosagwirizana ndi chithunzicho.

Pepala lenilenilo limanenanso zaka zake. Akale ankapanga mapepala ndi nsanza za thonje ndi bafuta, ndipo amenewo amalimba modabwitsa, ena a zaka 250 akadali oyera. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 anayamba kugwiritsa ntchito mitengo, ndipo pepala la mitengo lili ndi asidi amene amalisandutsa lachikasu n'kumathetheka m'mphepete. Pamakhalanso madontho ofiirira ngati dzimbiri, obwera ndi chinyezi. Madontho ochepa sindidandaula nawo. Chimene chimandiwawa mtima ndi selotepi. Munthu amaona pang'ambika n'kumatapo selotepi pofuna kuthandiza, patapita zaka guluu wake amalowa m'pepala n'kusiya chipsera chabulauni chimene sichichoka. Ndatsegula mafelemu ambiri akale n'kupeza chithunzi chabwino chitamatidwa ndi guluu pa chikatoni wamba, kumbuyo kutapsa ngati chinayandikira moto.

Ndinapusitsidwapo kamodzi, ndipo ndimakumbukira bwino chifukwa ndalamayo inandipweteka. Pamsika wina wa Lamlungu ndinaona chithunzi cha mathithi a Victoria Falls cha Thomas Baines. Baines ameneyu anali wojambula pa ulendo wa Livingstone wa ku Zambezi mpaka anachotsedwa mu 1859 pomunamizira kuba katundu, kenako anakafika ku mathithiwo mu 1862 pa ulendo wina, ndipo zithunzi zake zinasindikizidwa ku London mu 1865 pogwiritsa ntchito mwala. Zenizeni zimadula kwambiri. Wogulitsayo anati R450 chifukwa akutseka geni. Kagalasi kanga ndinali nditakaiwala m'malaya ena, chithunzicho chinali kuseri kwa galasi lakuda ndi fumbi, ndipo mtima wanga unathamanga kuposa maso. Lolemba kushopu nditachotsa felemu, timadontho tija tinali mbwee. Linali tsamba la kalendala. Sabata imeneyo ndinayenda pansi kupita kuntchito.

Palinso china chimene chimandisowetsa mtendere. Tsamba lililonse limene ndimagula lokha, ndiye kuti kwinakwake kuli buku limene linaphedwa. Alipo amalonda amene amagula buku lathunthu n'kulikhadzula, chifukwa zithunzi 30 zogulitsa chimodzichimodzi zimabweretsa ndalama zambiri kuposa bukulo. Chithunzi chikachoka m'buku chimasiya nkhani yake kumbuyo. Ndikagula, kodi sindikuwalimbikitsa? Funso limeneli ndilibe nalo yankho londikhutiritsa. Chimene ndimachita n'chakuti sindigula kwa munthu amene ndamuona akung'amba buku labwinobwino, ndipo tsamba lililonse ndimalilembera kapepala kapadera konena kumene linachokera ndi chaka chake.

Ndiyeneranso kunena kuti zithunzizi sizinena zoona zokhazokha. Amene anazisema anali ku London, akutengera zojambula za apaulendo, ndipo ambiri a iwo Shire sanamuone. Mitengo ina imaoneka yachilendo, nkhope zimafanana ngati za munthu mmodzi, ndipo mzungu akakhalapo amaima pakati, wamtali kuposa onse. Zinapangidwira owerenga a ku Ulaya, kuti amve chisoni, apereke ndalama ku mishoni, kapena avomereze kuti dziko lathu likufunika wolilamulira. Mu 1891 linakhaladi pansi pa Britain, ndipo mu 1907 analitcha Nyasaland. Ndikamayang'ana chithunzi cha pa Mbame ndimaona zonse ziwiri, goli limene linalikodi, ndi dzanja la mlendo limene linasankha mmene tionekere.

Kunyumba nkhaniyi sinayende bwino poyamba. Akazi anga atamva kuti ndalama ya kumudzi yaperewera chifukwa cha pepala, anakhala chete tsiku lonse, kenako usiku anati, "Bambo a mwana, amayi akafunsa feteleza tiwatumizira chithunzi?" Ananena zoona. Kuyambira pamenepo tinapangana kuti malipiro a mwezi sindikhudza. Lendi, chakudya, fizi ya mwana ndi za kumudzi zimayamba. Mapepala ndimagula ndi ya maganyu a Loweruka, ndikapita kukapachika zithunzi m'nyumba za anthu. Mwezi wina imakhalapo, miyezi yambiri sikhalapo. M'zaka zonsezi ndasonkhanitsa mapepala 14 okha, ndipo awiri mwa iwo si akale n'komwe. Ndinawagula kwa ophunzira a ku Artist Proof Studio, sukulu yosindikiza zojambula imene Kim Berman ndi Nhlanhla Xaba anayambitsa ku Newtown mu 1991. Ndalama ya pepala lakale imapita kwa wamalonda, pamene ya pepala latsopano imakagula chakudya cha mnyamata amene analisema, ndipo chuma chikavuta iyeyo ndi amene amayamba kugona ndi njala.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu kumudzi n'kukwera usiku umodzi, ndipo mwezi womwewo mayi anadwala. Kuno magetsi anali akuzimazima chaka chonse, ntchito kushopu itachepa, maganyu kulibe. Ndinatenga mapu anga a British Central Africa, dzina lakale la dziko lathu, a m'zaka za m'ma 1890, amene ndinkawakonda chifukwa ankaonetsa Zomba, Blantyre ndi phiri la Mulanje, n'kupita nawo kwa wamalonda wina. Ndinaima pa kauntala yake ndendende mmene anaimira gogo uja pa kauntala yathu. Ndinamva mawu anga akutsika okha. Anandipatsa ndalama yosafika imene ndinagulira, ndipo sindimuimba mlandu, nayenso ali ndi lendi. Potuluka ndinakumbukira kuti tsiku lija la 2020 sindinawafunse gogowo ngakhale dzina la amuna awo, munthu amene anasunga tsamba la pa Mbame zaka zambiri osaliika selotepi. Masiku ano munthu akabwera kudzagulitsa, sindinenerera mtengo mpaka kumufinya. Ndikaona kuti chimene ali nacho ndi chodula kuposa mmene akuganizira, ndimamuuza kumene angapite nacho.

Kusunga kwake n'kovuta kwa munthu wokhala m'chipinda cha lendi. Ngakhale Johannesburg Art Gallery ya ku Joubert Park, nyumba yaikulu imene inatsegulidwa mu 1915, yakhala ikuvutika ndi denga lodontha kwa zaka zambiri, nanji ine. Mapepala anga sindipachika pakhoma chifukwa dzuwa limawafwifwitsa ndipo khoma limachita chinyezi nthawi ya mvula. Amagona chafufumimba m'chikwama chapulasitiki cholimba, lililonse pakati pa mapepala oyera opanda asidi amene ndimatola pa zotsala za kushopu, pamwamba pa wadiropu. M'chikwama chomwecho muli pasipoti yanga. Izi ndinaphunzira mu Seputembala 2019, pamene mashopu a alendo ankawotchedwa ku Jeppestown ndi ku Malvern, ife tikugona ndi nsapato kumapazi. Anzathu ambiri mu 2008 ndi 2015 anabwerera kumudzi pa mabasi atasiya mabedi, mafiriji ndi mawailesi. Usiku woterowo umangotenga chimene chikukwana m'khwapa.

Disembala wapitayu ndinapita nacho kumudzi chithunzi cha pa Mbame. Ndinachitulutsa masana pakhonde, nditayala nsalu yoyera pamphasa ndi kuuza ana kuti asambe m'manja. Mayi anachiyang'ana pang'ono n'kutembenukira kumbali, anati zimenezi n'zomvetsa chisoni, n'kupita kukaona ndiwo pamoto. Amalume, amene maso ayamba kuchita mdima, anapempha kagalasi kanga. Anawerama nthawi yaitali, chala chikuyenda m'mwamba osagunda pepala, akuwerenga anthu mmodzimmodzi. Atafika pa mayi wina amene ali ndi mwana anaima.

"Mphwanga, mayina awo analemba pati?"

Ndinati sanalembe, analemba dzina la mudzi ndi kumene ankapita basi.

Anakhala chete, kenako anayamba kunena zimene agogo awo ankawauza za nthawi ya nkhondo ndi njala, mmene anthu ankathawira m'phiri, ndi mabanja a m'dera lathu amene makolo awo anachita kubwera osadziwa kwawo. Zina ndinali ndisanazimvepo chibadwire. Mwana wa mchemwali wanga anazijambula pa foni mpaka batire linatha.

Amalume anafuna kuti chitsale. Ndinayang'ana denga la nyumba ya mayi, ndinayang'ana njira ya chiswe imene inakwera khoma kuseri kwa kabati, ndipo ndinawauza kuti adikire ndimalize nyumba yanga, ikhale ya malata ndi simenti. Ndinapita pa boma kukapangitsa mafotokope atatu, imodzi ya amalume, imodzi ya aphunzitsi a mbiri pasukulu imene ndinaphunzira, imodzi ya mayi ngakhale sanapemphe. Pa 3 Januwale ndinakwera basi ku Blantyre. Tinafika pa Tete dzuwa likupendeka, kukutentha moti pulasitiki ya chikwama inkamata pamimba, pakuti ndinachilowetsa m'kati mwa malaya kuopa kuti angachikhalire. Basi inachepetsa liwiro pa mlatho, Zambezi ali phee pansi pathu, ndipo mnyamata amene ndinakhala naye mpando umodzi, ulendo wake woyamba, anandifunsa ngati ku Joni kukadali kutali.